Zolemba za ntchito: kaseti, ng'oma ndi zida zakale pa chimbale cha hip hop

Sabata yoyamba, Lolemba

Ndayamba kulemba zonse zimene zikuchitika pa ntchito ya chimbale chaching'ono cha nyimbo zisanu za chamba cha hip hop, chifukwa ndaona kuti ndikapanda kulemba ndimaiwala pamene ndinaika batani lililonse tsiku limene kamvekedwe kanandikomera. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikupanga mabiti pa kompyuta yokha, ndipo ngakhale amatuluka oyera bwino, pali kuuma kwina kumene kwakhala kukundisowetsa mtendere, makamaka pa snare (ng'oma yaing'ono yolira mokuthwa) ndi hi-hat (timbale tachitsulo), zimene zimalasa khutu munthu akakweza voliyumu. Funso limene ndikufuna kuliyankha ndi makutu anga ndi lakuti: kodi zida zakale zimasintha chiyani kwenikweni pa ng'oma, pa bezi ndi pa mawu a woimba, nanga kusinthako kumayambira pati?

Zida zimene zili pa tebulo ndi zitatu. Choyamba ndi Tascam 424 MkII, makina ojambulira pa kaseti a zaka za m'ma 1990, amene amagawa tepi m'mizere inayi, imene anzanga amaitchula kuti mathiraki. Anandipatsa ndi malume anga amene anawagula ali ku Britain, ndipo akhala m'katoni zaka zoposa khumi ndi zisanu. Chachiwiri ndi kompuresa ya dbx 160X, chida chopanikiza mawu okwera kuti asatalikirane ndi otsika, imene ndinagula kwa munthu wina ku Johannesburg. Chachitatu ndi Akai S950, chojambulira masampulo (tizidutswa ta mawu topangira biti) cha mu 1988, chimene ndabwereka kwa mnzanga kwa miyezi itatu. Ndiyenera kunena pomwe pano kuti S950 si ya analogi yonse monga momwe ambiri amanenera, chifukwa imasunga mawu m'manambala pa ma bit 12, koma mawuwo akamatuluka amadutsa m'sefa ya analogi yodula mawu a pamwamba, ndipo ndi sefayo imene ndikuifuna kwambiri.

Sabata yachiwiri, Lachitatu

Nditayatsa Tascam nyali zonse zinayaka, koma nditadina batani loyendetsa tepi panangomveka kulira kwa injini yaing'ono popanda chilichonse chozungulira. Ndinamasula chivundikiro cha pansi ndipo ndinapeza kuti lamba wa mphira wasungunuka ndi ukalamba, wasanduka phala lakuda lomata ngati phula la pa msewu, limene linapakika pa gudumu lachitsulo ndi pa zala zanga. Ndinatha madzulo onse ndikupukuta ndi thonje lonyowetsa mu isopropyl. Mankhwala omwewa ndi amene ndinapukutira hedi (kachitsulo kolemba ndi kuwerenga mawu pa tepi), imene inali ndi dzimbiri lofiirira la fumbi la tepi, koma ndinapewa kuwathira pa kagudumu ka mphira kopanikiza tepi, popeza amaumitsa mphira.

Lamba watsopano ndinamupeza kwa bambo wina wachikulire wokonza mawailesi pafupi ndi msika, amene ali ndi chitini chodzaza ndi malamba a mawailesi a kaseti amene anthu anasiya kubweretsa. Anayesa atatu asanapeze woyenera, ndipo anandiuza kuti, "Mwana wanga, lamba akathina kwambiri amalemetsa injini, akakhwepa mawu amaledzera, pamafunika wapakati." Nditawafotokozera za kung'ung'udza kumene ndinkamva m'mahedifoni, anandifunsa ngati kumasintha ndikachotsa mawaya opita ku kompyuta. Ndinayankha kuti, "Ayi bambo, kumakhalapobe." Pamenepo anatsimikiza kuti vuto lili m'kati, ndipo anasintha makapasita awiri akuluakulu a mbali yolandira magetsi, amene anali atauma.

Nditafika kunyumba ndinajambula phokoso lotsalalo pa kompyuta kuti ndilione ndi maso, ndipo zimene bambowo ananena zinagwirizana ndi zimene ndinaona. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, choncho kung'ung'udza kobwera chifukwa cha kulumikiza zida zambiri ku masoketi osiyana kumaoneka pa 50 Hz, pomwe kobwera chifukwa cha makapasita otopa kumaoneka kwambiri pa 100 Hz. Kwa 100 Hz kuja kwatheratu. Kwa 50 Hz kunatsala pang'ono, ndipo kunachoka nditalumikiza zida zonse ku soketi imodzi.

Sabata yachitatu, Loweruka

Sabata ino yatha ndi nkhani ya magetsi ndi makaseti. Kompuresa ija inapangidwira magetsi a ku America a mavoti 120, pomwe athu ndi 230, choncho ndagula thiransifoma yotsitsa mphamvu ndipo ndamata pepala lofiira pa pulagi yake kuti wina asadzailowetse ku khoma mwangozi. Thiransifomayo ndaiika pansi, kutali ndi Tascam, chifukwa itakhala pa tebulo hedi inkatola kung'ung'udza kwake.

Makina amenewa anakonzedwera makaseti a Type II, ndipo ndapeza asanu ndi atatu okha osatsegula. Popeza mathiraki anayi amadya m'lifupi monse mwa tepi, kaseti imajambulidwa mbali imodzi yokha, ndipo pa liwiro lapamwamba la masentimita 9.5 pa sekondi, lomwe ndi kuwirikiza kawiri liwiro la wailesi wamba, kaseti ya mphindi 60 imangopereka mphindi 15. Ndiye kuti tepi yonse yatsopano imene ndili nayo ndi ya maola awiri, ndipo ndasankha kuti zoyesayesa zonse ndizichitira pa makaseti awiri okha, ofufuta ndi kujambulanso.

Sabata yachinayi, Lachiwiri mpaka Lachisanu

Iyi ndi sabata imene ntchito yeniyeni yayamba, ndipo ndalemba zambiri chifukwa zimene ndapeza zasintha maganizo anga. Ndinatenga biti ya nyimbo yoyamba, yoyenda pa 90 BPM (kugunda ka 90 pa mphindi), ndi kutumiza kick (ng'oma yaikulu yogunda pansi) ku thiraki yoyamba, snare ku yachiwiri, hi-hat ku yachitatu, ndipo zoimbira zina zonse ku yachinayi. Ulendo woyamba ndinajambula mwaulemu monga buku la makinawo limalangizira, mita ikungofika pa 0 ndipo dbx yochepetsa phokoso la tepi ili yoyatsa. Nditabweza mawuwo mu kompyuta ndinakhumudwa, chifukwa kusiyana kwake ndi oyamba aja kunali kochepa kwambiri, mwakuti munthu wosauzidwa sakanadziwa kuti adutsa pa tepi. Pamenepo ndinazindikira chinthu chimene chili poyera koma sindinachiganizirepo: akatswiri amene anapanga makinawa ankalimbana usana ndi usiku kuti mawu atuluke monga analowera, choncho ukawagwiritsa ntchito mwa malamulo ake, amakubwezera zimene unawapatsa. Kamvekedwe kamene tonse timakasirira kamabadwa pamene wadutsa malire amene iwo anaika.

Lachitatu ndinazimitsa dbx ya m'makinamo, chifukwa ikakhala yoyatsa imapanikiza mawu asanafike pa tepi ndi kuwafutukula potuluka, ndipo ukakankha kwambiri imayamba kupuma wefuwefu kuzungulira kick iliyonse m'malo molola tepi kuti ikhute. Nditaizimitsa phokoso la tepi loti shii linamveka bwino lomwe, koma ndinayamba kukweza mphamvu yolowera pang'onopang'ono, ndikujambula mabala asanu ndi atatu (bala limodzi ndi kugunda kunayi) pa sitepe iliyonse, ndi kutchula nambala yake pa maiki kuti ndisasokoneze. Pa +3 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu pa mita) snare inayamba kunenepa. Nsonga yakuthwa ya kumenya koyamba inabuntha pang'ono, ndipo thupi la snare, limene kale linkabisika kumbuyo kwa nsongayo, linabwera kutsogolo. Pa +6 dB inamveka ngati yayandikira pamphuno, yodzaza, ndipo nditayang'ana chithunzi chake pa kompyuta ndinaona kuti nsonga yatsika pomwe khutu likuimva ngati yakwera. Kupitirira apo mawu anayamba kusweka m'njira yosakoma, ngati pepala likung'ambika.

Chimene chikuchitika ndi chakuti tinthu tachitsulo ta pa tepi tili ndi mlingo wa maginito umene tingasenze, ndipo tikamayandikira mlingowo sitimakana mwadzidzidzi monga imachitira kompyuta, koma timalandira mochepa mochepa mpaka kukhuta. Kukhuta kumeneku kumachita zinthu zitatu pakamodzi: kumapanikiza nsonga, kumabala timawu tatsopano pamwamba pa liwu lenileni, ndipo kumayamba kudya mawu opyapyala a pamwamba kwambiri, popeza ndiwo amakhutitsa tepi msanga kuposa ena onse. Mfundo yachitatuyi ndi imene inathetsa vuto langa la hi-hat. Pa +3 dB yokha kulasa kuja kunachoka, koma pa +6 dB hi-hat inafooka ngati yaphimbidwa ndi nsalu, choncho chida chilichonse chili ndi mlingo wakewake ndipo sindingathe kuzikankha zonse mofanana.

Kick inandivuta kuposa zonse. Ikakankhidwa imapeza kugunda kokoma pachifuwa, koma imayamba kudontha m'thiraki yoyandikana nayo, chifukwa mizere ya pa kaseti ndi yopapatiza kwambiri ndipo mawu a pansi amalumpha mpanda mosavuta. Ndasamutsa hi-hat kupita ku thiraki yachinayi kuti italikirane ndi kick, ndipo snare ndaisiya pakati, popeza kudontha pang'ono pakati pa kick ndi snare kumazimatiriza pamodzi m'njira imene ndaikonda. Zimene ndalemba pa khoma ndi izi: kick +3, snare +6, hi-hat +3, liwiro lapamwamba, dbx yozimitsa.

Sabata yachisanu, Lachinayi

Ndataya masiku awiri pa vuto limene ndikanayenera kuliyembekezera. Ndinajambula ng'oma za nyimbo yonse ya mphindi zitatu ndi theka pa tepi, ndi kuzibweza mu kompyuta pambali pa zoimbira zimene sizinapite ku tepi. Poyambira zonse zinagwirizana, koma pofika pa vesi yachiwiri ng'oma zinali zitatsalira m'mbuyo, ndipo pothera zinali zitasiyana moti ngakhale mwana akanamva. Injini ya kaseti siyenda mofanana ndendende ulendo uliwonse, ndipo imasinthanso pang'ono malinga ndi kuchuluka kwa tepi imene yakulungika mbali iliyonse. Nditayesa kusakaniza snare ya pa tepi ndi yoyambirira ija kuti ndipeze zabwino za mbali zonse, mawu anapyapyala ndi kumayendayenda ngati akuchokera m'paipi, chifukwa mafunde awiri ofanana akasiyana nthawi pang'ono amafufutana m'malo ena.

Njira imene ndatsata ndi yosiya kujambula nyimbo yonse. Tsopano ndikujambula mabala anayi okha pamodzi ndi kumenya kumodzikumodzi kwa chida chilichonse, kenaka ndikudula ndi kuyala zidutswazo mu kompyuta. M'mabala anayi kugwedezeka kwa tepi kumakhalamo ndithu, ndipo kumapatsa biti kuyenda kwa munthu, koma sikupeza mpata wounjikana mpaka kusokoneza nyimbo. Njirayi yapulumutsanso makaseti anga.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lolemba ndi Lachiwiri

Ndatembenukira ku S950. Chowerengera madisiki chake chinasinthidwa kale ndi mwini wake kuti chizilandira fulashi, choncho sindikuvutika kusaka madisiki akale. Kuti ndimvetse chimene ndikufuna kwa makinawa, ndinayenera kubwerera ku New York ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kumene kamvekedwe kameneka kanabadwira. Chida chimene chinalamulira nthawi imeneyo ndi E-mu SP-1200 ya mu 1987, yojambula pa ma bit 12 ndi 26.04 kHz, imene inkasunga masekondi 10 okha, ogawidwa m'zigawo zinayi za masekondi awiri ndi theka. Pofuna kulowetsa chidutswa chachitali m'malo ochepawo, opanga mabiti ankazunguliritsa mbale ya galamafoni yoyenera kuzungulira ka 33 pa mphindi pa liwiro la 45, kuijambula ikuthamanga, kenaka ndi kuitsitsa m'makinamo ndi masitepe pafupifupi asanu kuti ibwerere pa liwu lake. Kutsitsako kunkasiya kulira kwina kwa mchengamchenga pamwamba pa mawu, ndipo kulira kumeneko, kumene kunabwera chifukwa cha kusowa kwa malo, ndi kumene lero anthu amakulipirira ndalama zambiri, mpaka Dave Rossum amene anakonza makinawo anawatulutsanso mu 2021. Opanga mabiti Pete Rock ndi Large Professor amadziwika kwambiri ndi chida chimenechi, komanso ndi luso losefa sampulo mpaka kutsale bezi yokha, ndipo m'masitudiyo ambiri a nthawiyo S950 inkakhala pambali pa SP-1200 kapena Akai MPC60 kuti iwonjezere nthawi yojambulira ndi kugwira ntchito yosefayo.

Ndinayesa luso limenelo pa chidutswa cha gitala ndi bezi chimene mnzanga anandiimbira chaka chatha. Ndinachilowetsa kawiri. Kope loyamba ndinalisiya lotsegula, ndipo lachiwiri ndinatsitsa sefa yake mpaka gitala inamira ndi kutsala kugunda kwa bezi kokha, kozungulira ndi kofunda, kokhala ndi mthunzi chabe wa zingwe za gitala kumbuyo. Sefa ya makinawa imadula motsetsereka kwambiri, ndipo siliza mluzu pamalo podulirapo monga zimachitira sefa zambiri za m'masinthesaiza, choncho bezi imatuluka yosalala. Pa mavesi ndikugwiritsa ntchito kope losefalo lokha kuti woimba apeze malo, ndipo pa kolasi ndikutsegula lonse. Ndinayesa kuchita chimodzimodzi ndi sefa ya mu kompyuta, ndipo kunena zoona ndinayandikira kwambiri. Chimene sindinathe kuchipeza ndi kukhakhala kumene kumabwera ndikachepetsa mlingo wojambulira wa S950 ndi kukankha polowera mwamphamvu. Apanso phindu lake lili pa malire.

Sabata yachisanu ndi chitatu, Loweruka

Sabata yapitayi sindinagwire ntchito chifukwa cha maliro kumudzi, koma ulendowo wabala gawo limene ndikuliona kuti ndilo mtima wa chimbale chonse. Kuyambira pachiyambi ndinatsimikiza kuti sinditenga masampulo m'nyimbo za anthu ena, chifukwa nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo kuitenga kumafuna chilolezo cha mwiniyo, nkhani imene kuno kwathu bungwe la COSOMA limaiyang'anira. Choncho ndinapempha madala ena odziwa ng'oma a m'mudzi mwathu kuti abwere ndi mpanje ndi mbalule, tinagwirizana za malipiro awo, ndipo lero tajambula m'chipinda chochezera, nditayala mphasa ndi mabulangete m'makoma.

Tisanayambe anakoleza moto pabwalo ndi kuwamba ng'omazo, akuzitembenuza ndi kumenya ndi chala kuti amve ngati chikopa chakungika. Atamaliza anatenga phula m'kachitini, analikanda m'manja mpaka linafewa, ndi kulimata pakati pa chikopa, ndipo liwu la ng'omayo linatsika ndi kulemera ndikuona. Anawonjezera kachidutswa kena, anamenya, anachotsako pang'ono, anamenyanso, kenaka anati, "Apa ndiye yalankhula." Ndinawafunsa kuti, "Agogo, mumadziwa bwanji kuti phula lakwana?" Anayankha kuti likachepa ng'oma imakuwa, likachuluka imatsamwa. Ndinaona kuti ndi ntchito yomweyo imene ndakhala ndikuchita ndi mita ya Tascam kwa mwezi wathunthu.

Ndinagwiritsa ntchito maiki imodzi ya Shure SM57, yoloza m'mphepete mwa chikopa pa mtunda wa chikhatho chimodzi, ndipo ndinajambula molunjika pa kaseti yatsopano popanda kudutsa mu kompyuta. Tinkaima pakapita mphindi zochepa kuti akawambenso, popeza chikopa chikazizira liwu limatsika. Madzulo nditatsala ndekha ndinayesa chinthu chimene makinawa amachita mosavuta: ndinaseweretsa pa liwiro la pansi zimene ndinajambula pa liwiro lapamwamba. Popeza liwirolo ndi theka lenileni, mawu onse amatsika ndi octave imodzi ndipo amatalika kawiri. Mpanje unasanduka chiphokoso chakuya ngati bingu la kutali, chikopa chikumveka kunjenjemera kwake konse, ndipo palibe chidutswa chimene chinamveka chodukaduka monga zimakhalira kompyuta ikatalikitsa mawu. Kumenya kumodzi kwa mpanje wotsitsidwawo ndakuika pansi pa kick ya nyimbo yachitatu, ndipo mbalule ndaidula m'zidutswa zisanu ndi chimodzi zimene zikuyankhana ndi snare.

Sabata yachisanu ndi chinayi, Lachitatu

Bezi ya 808 yakana tepi. Roland TR-808 yeniyeni, makina oliza ng'oma, imene inapangidwa kuyambira 1980 mpaka 1983 ndipo inatuluka pafupifupi 12,000 yokha, ndilibe. Ndikugwiritsa ntchito sampulo ya kick yake yotalikitsidwa, imene liwu lake lenileni lili cha m'ma 50 Hz. Liwu lotere ndi losalala ndi lokhalitsa, choncho kugwedezeka kulikonse kwa liwiro la kaseti, kumene pa snare sikumveka n'komwe, pano kumamveka ngati bezi ikuphonya kiyi. Kuwonjezera apo kaseti inadya mbali ya pansi penipeni, ndipo bezi inabwerako yopepuka kuposa momwe inapitira.

Komabe sindikanatha kuisiya yoyera, chifukwa anthu ambiri amene adzamve nyimbozi adzazimvera pa foni kapena pa tisipika ting'onoting'ono ta Bluetooth, timene sititha kutulutsa 50 Hz. Chimene chimachititsa kuti bezi imveke pa foni ndi timawu tobadwa pamwamba pake, pa 100, 150, 200 Hz ndi kupitirira, timene khutu likatimva limadzazira lokha liwu la pansi limene palibe. Choncho ndinagawa bezi pawiri. Ya pansi ndinaisiya mu kompyuta osaikhudza. Kope lake ndinalidutsitsa mu mikisa ya Tascam yokha, tepi ili chiimire, nditapotokola batani lolandirira mawu mpaka linayamba kulira mokalipa, kenaka ndinadula zonse za pansi pa 120 Hz ndi kuliika mopepuka pamwamba pa yoyerayo. Popeza tepi sinayende, palibe kutsalira kosinthasintha. Panali kuchedwa kochepa kokhazikika kumene ndinakonza kamodzi kokha posuntha kopelo.

Ndinapempha dalaivala wa minibasi wa m'dera lathu kuti aike nyimboyo pamene ankadikira anthu pa siteji, ndipo ndinakhala mpando wa kumbuyo. Bezi inamveka notsi iliyonse payokha, osati chimkokomo chimodzi, ndipo pa foni yanga mzere wake ukutsatika bwinobwino. Chimene ndinamva chosakoma m'minibasimo ndi phokoso la shii pa chiyambi cha nyimbo yachiwiri, pamene zidutswa zinayi za pa tepi zikulira pamodzi popanda chozibisa, popeza chilichonse chimabwera ndi phokoso lake ndipo limaunjikana. Ndadula michira ya zidutswazo ndipo ndasiya phokosolo pa chimodzi chokha.

Sabata yakhumi, Lachisanu

Woimba wabwera masiku atatu ndipo tajambula mavesi a nyimbo zinayi. Mawu ake akudutsa mu dbx 160X asanalowe mu kompyuta. Kompuresa imeneyi ili ndi mabatani ozungulira atatu okha, lonena poyambira kupanikiza, lonena kukula kwa kupanikizako, ndi la mphamvu yotulukira, ndipo liwiro logwirira ndi kutayira mawu imasankha yokha. Ndinaika pa 4:1 nditadina batani la OverEasy kuti kupanikiza kuziyamba mofewa, ndi kulola kuti idye ma dB atatu kapena anayi pa mawu okwera. Mnyamatayu amarapa mothamanga ndipo amameza mathero a mawu akamatha mpweya, koma kompuresayo inakweza mathero amenewo mwakuti chilembo chilichonse chikumveka. Atavala mahedifoni anati, "Achimwene, ndikudzimva ngati ndili pafupi ndi ine mwini," ndipo ndinaona kuti anasiya kukuwa, zimene zinasintha kaimbidwe kake kuposa chida chilichonse. Vuto la kujambula motere ndi lakuti chimene chapanikizidwa sichibwezeka. Vesi imodzi imene ndinapanikiza mopitirira tinaijambulanso mawa lake.

Pofuna kuti chikondi changa pa zida zimenezi chisandinamize, ndinachita mayeso osaona. Ndinalinganiza kukwera kwa makope awiri a chidutswa chilichonse, popeza khutu limakonda chilichonse chokwera ngakhale pang'ono, ndipo mlongo wanga ankasintha pakati pa awiriwo ine nditafulatira. Pa ng'oma ndinasankha za pa tepi pafupifupi ulendo uliwonse, ndipo woimbayo anasankhanso zomwezo. Pa bezi yosefa ya S950 ndinalephera kusiyanitsa kangapo. Pa mawu a woimba, amene ndinayesanso kuwadutsitsa pa kaseti, tonse awiri tinasankha amene sanapite ku tepi, chifukwa tepi inafafaniza zilembo za s ndi ts ndipo Chichewa chothamanga chinayamba kuvuta kumva. Choncho mawu otsogolera sapita ku kaseti. Mawu othandizira a kumbuyo okha ndi amene ndawajambula pa liwiro la pansi la tepi, kuti akhale akuda pang'ono ndi kukhala kumbuyo kwa mwini nyimbo popanda kulimbana naye.

Sabata yakhumi ndi chimodzi, Lolemba

Nyimbo zitatu zatha kusakanizidwa, yachinayi ikudikira kolasi, ndipo yachisanu ili ndi ng'oma zokha. Makaseti atsopano atsala atatu, ndipo awiri oyesera aja ayamba kutaya mawu m'malo ena chifukwa chofufutidwa kawirikawiri, choncho ndawapumitsa. Popeza mvula yayandikira, makaseti onse ojambulidwa ndawaika m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timatumba toyamwa chinyezi, nditakopera kale zonse mu kompyuta ndi pa fulashi ina. Hedi ndikuipukuta pakatha maola angapo ogwira ntchito, chifukwa ndaona kuti ikada hi-hat ndiyo imayamba kufooka.

S950 ibwerera kwa mwini wake kumapeto kwa mwezi uno, choncho masiku anayi akubwerawa ndiwathera pojambula zidutswa zonse za nyimbo yachisanu kudzera m'menemo, chilichonse kawiri, chotsegula ndi chosefa. Madala a ng'oma aja avomera kubweranso Loweruka, ndipo ulendo uno ndikufuna kuyesa kutembenuza kaseti kuti mbalule ilire chobwerera m'mbuyo polowera kolasi, popeza pa makina a mathiraki anayi kaseti ikatembenuzidwa zonse zimayenda chafutambuyo ndipo thiraki yoyamba imasanduka yachinayi. Ndawapempha kuti abwere ndi phula lokwanira, ndipo nkhuni zowambira ndagula kale.